A Musapume ndi Chithunzi cha Akazi Awo

Ngati pakhoma panu pali chithunzi chimene banja lonse mukuoneka maso ali tong'o ngati mwameza fupa la nsomba, ndipo munakhalako ku Chileka, musachite kufunsa. Anakujambulani ndi malemu a Ackim Malunga. Dzina limeneli linkapezeka pa chitupa pokha. Wina aliyense, kuyambira ana a sukulu mpaka abusa, ankawatchula kuti a Musapume, chifukwa amenewa ndiwo mawu amene ankatuluka akangobisa nkhope kuseri kwa kamera.

Munthuyu ankadana ndi fulashi ngati mmene mbuzi imadanira ndi mvula.

"Fulashi ndi mwano," ankatero. "Munthu wasamba, wadzola, wavala za pansi pa sutikesi, iwe n'kumuwaza mphezi kumaso? Kuwala sathamangitsa. Umangotsegula diso la kamera n'kudikira kuti kulowe kokha."

Vuto linali lakuti diso lija likatseguka, wojambulidwa ankayenera kuuma gwa mpaka iwo atanena. Masana zinkapiririka. Koma a Malunga ankakonda chisisira, dzuwa litalowa, ati ndi pamene nkhope ya munthu imanena zoona. Mkwatibwi wina ntchentche inamutera pamphuno, iye n'kupirira misozi ili chuchuchu, ndipo mpaka lero achibale amaloza chithunzicho n'kumati onani chikondi. Khanda lina pa ubatizo linatuluka ndi mitu itatu. Dalaivala wina wa minibasi anatopa kuima pakati pa banja lake, n'kuchoka kukayankha foni, ndipo pachithunzi panangotsala mpata. A Malunga anati ajambulenso mwaulere, koma mkazi wake anakana.

"Chisiyeni chomwecho," anatero mayiyo. "Ndi mmene zilili pakhomo pano."

Munthu mmodzi yekha ndi amene anawakanika a Malunga moyo wawo wonse, ndipo ankagona naye nyumba imodzi. Mayi Lenia, akazi awo, analengedwa opanda mabuleki. Kukacha ali kumsika ndi tomato, masana ali ku Mvano, madzulo akazonda wodwala, ndipo pobwerera anyamula mwana wa eni ake amene amupeza akulira panjira. Akaimikidwa kutsogolo kwa kamera ankayesetsa ndithu, koma diso lija likangotseguka ankakumbukira nyemba zili pamoto, kapena kuona nkhuku ikulowa m'nyumba. Pa chithunzi cha ukwati wa mwana wawo Emily pali mkwati, mkwatibwi, ankhoswe, ndipo pambali pali kautsi kovala duku. Kautsi kameneko ndi mayi a mkwatibwi.

Anthu ankaseka, nawonso mayi Lenia ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawawa. Mkazi wa wojambula wotchuka Chileka yense analibe chithunzi ngakhale chimodzi chochokera m'manja mwa amuna awo. Cha pa chitupa chinalipo, koma ankati akuonekapo ngati agwidwa ndi nkhuku yakuba. Za pa foni za Emily ankaziyesa zoseweretsa. Iwo ankafuna chojambula a Malunga, choika m'galasi.

"Bambo a Emily, tsiku langa likadzakwana, pabokosi mudzaika utsi?"

"Mukangodekha, mayi a Emily. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ikani fulashi kamodzi kokha, simufa."

"Pa mkazi wanga? Bola ndisiye ntchito."

Mafoni atachuluka, situdiyo inayamba kuchita akangaude. Apa n'kuti Emily ali ku Joni, ndipo tsiku lina anaimba kufunsa chimene makolo ake akufuna. Mayi ake anapempha bulangete. Bambo ake anapempha duloni, kandege kaja kokhala ndi mapiko anayi ndi kamera kumimba. Zonse zinafika m'katoni imodzi, kandege katakulungidwa m'bulangetemo, ndipo mayi Lenia anadziwiratu kuti pa ziwirizi chofunika kwambiri chinali chiti.

Kandege kasanauluke n'komwe, mnzawo wina amene anagwirapo za ulonda anawachenjeza kuti kuulutsa zotere pafupi ndi bwalo la ndege ndi mlandu wogonetsa munthu m'chitokosi. A Malunga anaganiza usiku umodzi, kutacha n'kulengeza kuti banja likusamukira ku Lirangwe, kwawo kwa mayi Lenia. Tsono mudziwe kuti mayi Lenia anakhala akupempha zimenezi chikwatiwire, a Malunga n'kumakana kuti iwo sangakakhale mkamwini ndevu zitachita imvi. Zimene mkazi analephera zaka zonsezo, kandege kanazitha sabata isanathe. Mayi Lenia anamanga katundu mosangalala, komanso atakwiya.

Ku Lirangwe za ufiti zinanenedwako masiku oyamba, poti kanthu kanali kulira m'mwamba usiku, maso ofiira ndi obiriwira akuphethira. Koma zinatha msanga. Anthu anati mfiti yake iti yomapita pashopu masanasana kukapempha kutchajitsa batire?

A Malunga masana analibe nawo ntchito, ati dzuwa limajambulira aliyense, ngakhale chitsiru. Iwo ankafuna usiku. Anazika nsungwi pabwalo n'kumangirira kansanza kumsonga, ndipo kansanzako kakangogwedezeka, kandege sikankatuluka m'katoni. Mwezi ukawala ankadandaula kuti wachulutsa. Zithunzi zoyamba zinatuluka bii ngati m'thumba la makala. Zachiwiri mphepo ya mwera inakankha kandege, magetsi onse a pa tauni n'kusanduka timizere tokhotakhota. Koma munthu uja sankagwa mphwayi, ndipo sukulu yake yonse ankaiphunzitsa kwa munthu mmodzi amene sanalembetse.

"Tamverani, mayi a Emily. Aiso tiitsitse pansi. Mukaikweza, chithunzi chimadzaza timiyala ngati mpunga wosasankha."

"Ndamva. Tasunthani mwendo ndisese."

"Shata, chikope cha kamerachi, itseguke masekondi angapo, koma osapyola. Kandegeka sikali pa miyendo itatu ayi, kakungolendewera pa mphepo. Magetsi ake a kumimbawa tizimitse. Fokasi tiloze pa babu la kuchigayo n'kuimanga pomwepo, chifukwa mumdima kamera mukaisiya isankhe yokha imangofwanthula."

"Chabwino."

"Kenako kazijambula motsatizana, zambirimbiri, ine n'kudzazisanjikiza pa laputopu zikhale chimodzi. Choima chimaoneka kadontho. Choyenda ndi nyali chimasiya mzere."

"Nanga ine mwandiika pati pamenepo?"

"Inu tikufikani."

Chithunzi choyamba chooneka bwino chinatuluka mwezi uli kumdima, mphepo itagona. A Malunga anaulutsa kandege anthu atangodya kumene, n'kudzakaulutsanso ndi batire yachiwiri anthu akukagona, ndipo zonse anazisanjikiza. Chinali chokongola, zimenezo tisawamane. Msewu waukulu unali mizere yofiira ndi yoyera ya malole, nyumba zili timadontho, mauvuni a njerwa akuyaka chapatali. Anakachitsukitsa ku Blantyre n'kuchimata pakhoma la shopu ija ankatchajitsako batire, ndipo anthu anaunjikana aliyense kufunafuna denga lake.

Pagulupo panali a Wyson, achimwene a mayi Lenia, mkulu wa mpingo wodziwika ndi mapemphero aatali, pamodzi ndi akazi awo mayi a Tikondane. Mayiwa anapeza nyumba yawo msanga, n'kuikapo chala.

"Alamu, mzere uwu ukutuluka pakhomo pangawu n'chani?"

"Imeneyo ndi tochi, mlamu. Munthu akuyenda nayo."

"Tsiku lake liti?"

"Lachinayi lapitali."

"Lachinayi bambo a Tikondane anapita kukazonda odwala."

"Eya, odwala," anatero a Wyson, akuyang'ana kumsewu ngati akudikira basi.

Chala chija chinayamba kutsata mzere. Unali wowongoka ngati wolemba ndi rula. Unadutsa tchalitchi osakhota, unadutsa nyumba ya wodwala uja osapatuka, n'kukathera pakanyumba ka kuseri kwa dambo, kamene Lirangwe yense amadziwa kuti amatchezako kachasu. Kuchokera pamenepo panali mzere wachiwiri wobwerera, koma umenewu unkapita uku ndi uku, kulowa m'munda mwa eni ake, kutuluka, kuzungulira mtengo wa mango, ndipo pafupi ndi ngalande panali chidontho chachikulu chowala kwambiri.

"Nanga apa?"

A Malunga anavala magalasi n'kuwerama, nkhope ili ya ntchito.

"Apa tochi inakhalitsa malo amodzi osagwedezeka. Mwaona mmene pawalira? Ndimanena ine kuti munthu akadekha chithunzi chimatuluka bwino."

"Wodwalayo anali m'ngalande?"

"Zimenezo kamera sinena, mlamu. Imangoona kuwala basi."

A Wyson anatha mwezi osalankhula ndi alamu awo, ndipo anayesa kangapo kunyengerera mwini shopu kuti amatule chithunzicho, koma iye anakana poti chinkakoka makasitomala. Kuyambira pamenepo amuna a m'mudzimo anasiya kuyenda ndi tochi. Ankangoti akamva kandege kulira, foni younikira m'thumba, n'kumapapasa njira ndi mapazi. Nyengo imeneyo kunachuluka amuna otsimphina, ndipo aliyense ankati anapunthwa kumunda.

Mayi Lenia anaseka nawo mpaka nthiti kuwawa. Koma atabwerera kunyumba, a Malunga akupukuta mapiko a kandege ndi kansalu, kuseka kuja kunatha. Anakhala pampando, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Bambo a Emily, mwajambula chigayo. Mwajambula malole a anthu osawadziwa. Mwajambula tochi ya achimwene ili m'ngalande. Ine ndakuphikirani, ndakuchapirani, ndakuberekerani mwana, koma simunandionepo. Zikundiwawa, ndipo sindikuseka."

A Malunga anasiya kansalu kaja. Masiku amenewo n'kuti atayamba kale kuonda, ndipo akakwera kamtunda kochokera kushopu ankaima kawiri kupumira, akunamizira kuyang'ana mphepo. Anawayang'ana akazi awo nthawi yaitali.

"Mwezi ukapitanso kumdima ndikujambulani."

"Ndi kandege? Muona duku yokha."

"Inu mudzangoima pakati pabwalo ndi nyali. Zinazo n'zanga."

Masiku otsatira a Malunga anayenda khomo ndi khomo kwa abale onse a akazi awo, mpaka kwa a Wyson, kupempha kuti usiku umenewo aliyense adzaime pakhomo pake ndi nyali, osagwedezeka. Mayi Lenia anachapa chitenje chatsopano, anasita duku, anaphikiratu masana, n'kutsekera nkhuku dzuwa likadalipo kuti pasadzapezeke chowasokoneza. Analumbira pamaso pa Mulungu kuti ulendo uno auma ngati chitsa.

Usiku unafika wabata, kansanza ka pansungwi kali lende. Nyali zinayaka pamakomo. Mayi Lenia anaima pakati pabwalo atagwira nyali ya galasi, ndipo kandege kanakwera mpaka kulira kwake kunachepa.

"Musapume," anatero a Malunga, maso ali pa kagalasi ka m'manja.

Mayi Lenia anauma. Udzudzu unawatera pakhosi, anapirira. Kenako kunamveka mawu a mayi a Tikondane kuchokera kumtunda.

"Alamu, nyali yanga yazima. Machesi ndilibe."

Mayi Lenia anayang'ana amuna awo. Amuna awo sanadzutse mutu. Mayiwo anaganiza kuti khomo limodzi likakhala mumdima chithunzi chionongeka, ndiye anathamanga kukayatsa, akuti abwerera pompano. Ali komweko, khanda la mdzukulu wa achemwali awo linayamba kulira ngati lalumidwa, make n'kumaitana kuti agogo tabwerani mudzaone. Atalitonthoza, azakhali awo okalamba, a kumapeto kwa mudzi, anakuwa kuti ndodo yawo yagwa ndipo miyendo ikunjenjemera. Akuchokera kumeneko, mbuzi ya a Wyson inadutsa chingwe chili kukhosi, kulunjika kudimba la masamba, ndipo a Wyson, amene anaikidwa pakhomo lina kutali ndi akazi awo, anangoima ndi nyali yawo.

"Achimwene, mbuzi yanu."

"Ine andiuza kuti ndisagwedezeke."

Pamene mayi Lenia ankafikanso pabwalo, thukuta lili kamukamu, duku itapendekeka, chingwe cha mbuzi chili kudzanja, kandege kanali katatera kale, batire itatha. A Malunga anali kupinda mapiko mwakachetechete.

"Ndaononga," anatero mayi Lenia.

"Tiona mmene chitulukire."

Usiku umenewo mayi Lenia analira, ndipo sanadzudzule wina aliyense koma iwo eni.

Patapita masiku a Malunga anakwera minibasi kupita ku Blantyre, n'kubwerako ndi chinthu chachikulu chokulunga m'manyuzipepala, chimene kondakitala anafuna kuchilipiritsa mpando. Chinali m'galasi. Mudzi wonse unali mmenemo, wakuda bii, khomo lililonse lili ndi kadontho kake kowala. Ndipo kuchokera pakati pabwalo panatuluka mzere umodzi wa golide, kukwera kumtunda, kutsikira kwa achemwali, kukafika kumapeto kwa mudzi, kukhotera kudimba, n'kubwerera pamene unayambira. Panalibe khomo limene mzerewo sunaligunde.

"Ine ndili pati?"

"Ndinu amenewa," anatero a Malunga, chala chikutsata mzere.

"Nkhope ili kuti?"

"Nkhope yanu ndimaidziwa, ndimadzuka nayo. Koma mkazi amene ndinakwatira ine ndi uyu."

Mayi Lenia anati zimenezo n'zonena munthu amene walephera ntchito, ndipo anapita kukaika madzi pamoto. Koma chithunzicho anachipachika okha pabalaza, ndipo tsiku lililonse ankachipukuta fumbi, ngakhale kuti mumtima ankachiyesabe chipepeso cha chinthu chimene iwo anaononga.

A Malunga sanaione mvula ya chaka chimenecho. Anagona masabata ochepa, osavutitsa munthu, ndipo anapita m'mawa wina mphepo itagona. Pamaliro panafika anthu a ku Chileka odzaza malole, ambiri a iwo anthu amene anawaumitsapo kutsogolo kwa kamera. Mlaliki atati m'bale wathuyu wapuma, ena kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo abusa anangowasiya.

Tsiku lotsatira, abale atakhala pabalaza, Emily amene anali atafika kuchokera ku Joni anaimirira kuyang'ana chithunzi chija. Mayi ake anayamba kumufotokozera mmene anachionongera. Mayi a Tikondane anakhosomola.

"Alamu, poti eni ake apita, ndinene. Nyali ija sinazime yokha. Ndinachita kuiuzira."

"Mwati bwanji?"

"Anandiuza ndi malemu. Anati ndikamva kuti musapume, ndiwerenge pang'ono, kenako ndiuzire n'kukuitanani."

Make khanda uja anabisa nkhope m'chitenje. "Inenso mwana uja ndinachita kumutsina, agogo. Pang'ono pokha."

"Ndodo ndinaiponya ndekha," anatero azakhali. "Inakagwera patali kuposa mmene tinapanganira."

Onse anatembenukira kwa a Wyson, amene anali kuyang'ana kudenga.

"Mbuzi ndinaimasula ndine. Anati ndikatero akamatula chija cha kushopu. Sanamatule, chikadali pompo. Alamu anga anali munthu wachinyengo, Mulungu awalandire."

Mayi Lenia anatembenukira ku chithunzi chija. Munthu amene moyo wake wonse anaumitsa akwati, makwaya ndi makanda, tsiku limodzi lokha anafuna kuti wojambulidwa ayende, ndipo anachita kulemba ganyu mudzi wonse.

"Wabodza," anatero. "Anandisiya ndilire usiku wonse, iye ali phee pambali panga. Wabodza wamkulu."

Anayamba kuseka, abale n'kuseka nawo, koma kuseka kwa mayi Lenia kunapitirira mpaka kunasanduka kulira, ndipo Emily anawagwira mapewa. Atapukuta maso analoza pakhoma.

"Iwe Emily, tsiku langa mudzaike chimenechi pabokosi."

"Amayi, anthu adzafunsa kuti nkhope ili kuti."

"Adzafunse. A kuno adzawauza."

Lirangwe usiku ndi wabata masiku ano. Kandege kali m'katoni pamwamba pa kabati, chifukwa palibe amene ali ndi mtima wodikira mphepo. Amuna anayambiranso kuyenda ndi tochi, otsimphina anachepa, ndipo ngakhale a Wyson amavomereza kuti kuyenda usiku kunatha kukoma, poti palibenso wokuona. Pa maukwati anyamata amangowaza fulashi pha pha pha, chithunzi n'kutuluka munthu asanakonze kolala, ndipo achikulire amachiyang'ana n'kungobweza foni.

Mayi Lenia akadayendabe, ngakhale miyendo inayamba kukana. Koma chisisira chikafika, nthawi ija a Malunga ankaikonda, amatulutsa mpando n'kukhala pakhonde, manja ali pamaondo, maso ali kubwalo. Nkhuku zimalowa m'nyumba n'kutulukamo, iwo osatembenuka. Amakhala choncho mpaka mdima, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Akanakhalapo a Malunga, chikanatuluka bwino kwambiri.